Ndalama za chipatala chathu chaching'ono zimathera kuti?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina wa m'dera la Gogo Chalo Mwadzama ku Nkhotakota. Iwo alemba motere: "Chaka chino anthu andisankha kulowa mu komiti yoyang'anira chipatala chathu chaching'ono cha boma. Ndapeza mavuto ali mbwee. Babu la ku mateniti linapsa kalekale, anamwino amachiritsa amayi ndi tochi ya pafoni. Loko wa kosungira mankhwala ndi wothyoka. Panado amatha mwezi usanafike ndi pakati pomwe, ndipo ambulasi tikaiyitana amati ilibe mafuta. Titafunsa adokotala kuti ndalama za chipatala chino zili kuti, anangoseka n'kunena kuti chiyambireni ntchito sanagwirepo ngakhale tambala ya chipatala. Kodi n'zoona kapena akutibisa? Nanga mabiliyoni a zaumoyo timamva pa wailesi aja amapita kuti? Mafumu ena akuti wodwala aliyense aziponya K500 pakhomo kuti tizigulira tinthu ting'onoting'ono. Tivomere?"

Mayi, adokotala anuwo sakukubisani kanthu. Ndagwirapo ntchito zaka zingapo mu ofesi ya zaumoyo ya boma lina la m'mbali mwa nyanja, mbali yoona za katundu ndi kayendedwe ka ndalama, ndipo zimene akuuzanizo ndi momwe zinthu zakhalira kwa nthawi yaitali. Zipatala zing'onozing'ono zambiri za boma sizilandira ndalama, zimalandira katundu. Kumabwera makatoni a mankhwala, magolovesi, kolorini, sopo, matsache, mwina ndi malita angapo a petulo wa njinga yamoto. Ndalama yogwirika m'manja, yoti adokotala atume mlonda pa golosale kukagula babu, kulibe. Zambiri zilibe ndi akaunti yomwe kubanki. Munthu amene boma lamukhulupirira kuti asamale miyoyo ya anthu a midzi yonseyo, silinamukhulupirire kuti agule loko.

Tsono tiyeni tiwalondole mabiliyoni a pa wailesi aja. Inu a ku Nkhotakota mukudziwa mmene madzi amayendera mu sikimu ya mpunga ngati ya Bua. Amene munda wake uli kumutu kwa ngalande amathirira mpaka kukhuta, wa pakati amapezako, wa kumapeto amangoona matope. Ndalama ya zaumoyo imayenda chimodzimodzi, ndipo chipatala chanu ndi munda wa kumapeto.

Nyumba ya Malamulo ikavomereza bajeti, imene masiku ano imayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo osati Julaye monga kale, ndalama ya zaumoyo imagawika m'ngalande zingapo. Ngalande yaikulu ndi ya malipiro. Iyi imapita m'maakaunti a anamwino, madokotala, alangizi a zaumoyo, alonda ndi okonza m'chipatala. Ndi ndalama yogwira ntchito pa chipatala chanu ndithu, koma simungaione chifukwa imakathera m'matumba mwa eni ake. Ina ndi ya mankhwala. Boma lililonse, Nkhotakota, Salima, Ntchisi, lili ndi gawo lake papepala, koma mbali yaikulu ya ndalama imeneyi sifika ndi ku khonsolo komwe. Imasungidwa ndi bungwe loona za chuma cha makhonsolo la National Local Government Finance Committee, lomwe limalipira ku Central Medical Stores Trust, nkhokwe yaikulu ya mankhwala a boma, molingana ndi zimene zipatala zaitanitsa. Kagawo kochepa ndiko kamapita ku khonsolo kuti akagule kwa amalonda zimene kunkhokweko zasowa. Palinso ya chitukuko, yomangira ndi kukonzera nyumba, imene zaka zambiri imakhala yoonda kuposa zonse.

Ngalande imene ili ndi babu lanu, loko wanu ndi mafuta a ambulasi ndi ija a m'maofesi amangoti ORT, ndalama yoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku. Chiyambire ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998, ntchito zambiri za zaumoyo zinapita m'manja mwa makhonsolo, choncho ndalama imeneyi imachoka ku Capital Hill mwezi ndi mwezi kupita ku khonsolo, n'kukafika kwa mkulu wa zaumoyo m'boma. Udindowu unasintha dzina, koma tonse timangoti a DHO. Apa ndiye pagona nkhani. M'poto mmodzi yemweyo mumadya chipatala chachikulu cha paboma, ofesi ya a DHO, ndi zipatala zing'onozing'ono zonse za m'bomalo. Palibe mzere wolembedwa dzina la chipatala chanu woti uwu ndi wanu, wina asaukhudze.

Ndikufotokozereni mmene tsiku logawa linkakhalira kumene ndinali. Uthenga ukamveka kuti fandingi yalowa, tinkakhala pansi anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, patebulo pali mulu wa mapepala a ngongole. Panja pa benchi pali bambo wopereka ufa ndi nyemba za odwala, wakhala chikhalire kuyambira mmamawa, miyezi itatu osalipidwa, ndipo wanenetsa kuti mawa sabweretsa kanthu. Magetsi atsala mayunitsi a masiku awiri, pomwe fiyeta, labu ndi mochale zonse zikudalira pomwepo. Jenereta ilibe dizilo. A madzi atumiza kalata yoti adula. Ambulasi yotengera odwala ku Kamuzu Central ku Lilongwe matayala ake afika poonetsa mawaya. Ndalama yalowayo sikukwana ngakhale theka la mulu umenewu. Pansi penipeni pa muluwo panali kalata yolemba pamanja, papepala long'amba mu kope, yochokera kwa medikolo asisitanti wa chipatala china cha kutali ndi tala, yopempha maloko awiri ndi mababu anayi. Kalata imeneyo ndinaiona mwezi woyamba, ndinaionanso wachiwiri. Maloko anagulidwa mwezi wachinayi, kenako anakhala mu kabati yanga masabata atatu kudikira galimoto yolowera kumeneko, chifukwa mafuta okaperekera maloko okha akanaposa mtengo wa malokowo kangapo.

Sindikunena izi kuti mutimvere chisoni. M'chipindamo munalibe munthu wodana ndi anthu akumudzi. Kungoti mwana amene akulirira pamiyendo pako ndi amene umayamba kumupatsa bere, ndipo chipatala chachikulu chimalirira pakhomo penipeni pa a DHO. Koma zotsatira zake n'zopweteka, ndiponso ndi kuwononga ndalama. Mwana wa malungo amene akanachira ndi LA tsiku loyamba pa chipatala chaching'ono, akapeza zoyezera zatha amabwerera kunyumba, n'kudzafika paboma patatha masiku anayi akukomoka, akufunika magazi, bedi, okosijeni ndi ambulasi. Tinkapulumutsa kandalama kochepa kumudzi n'kukalipira kambirimbiri paboma, mwezi wotsatira n'kudabwanso kuti poto wauma msanga.

Nanga potoyo n'chifukwa chiyani ali wamng'ono chonchi? Mukaphatikiza ndalama zonse zimene zimalowa mu zaumoyo m'dziko muno, za boma, za maiko otithandiza ndi zimene anthu amatulutsa m'matumba mwawo, zimakwana pafupifupi madola 40 a ku America pa munthu mmodzi pa chaka chathunthu. M'menemo muli malipiro, ma ARV, katemera, mafuta, zonse. Mu 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa anagwirizana ku Abuja, m'dziko la Nigeria, kuti aziika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Ife zaka zambiri sitifikapo. M'zaka zaposachedwapa ndalama yolipira chiwongoladzanja chokha cha ngongole za boma yakhala ikuposa ya zaumoyo. Onjezanipo kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso 44 peresenti mu Novembala 2023. Pafupifupi mankhwala onse timagula kunja ndi madola, mafuta chimodzimodzi, ndiye nambala ya mu bajeti itha kukwera pomwe makatoni ofika pa chipatala akuchepa. China chimene wailesi sinena kawirikawiri n'chakuti ndalama yovomerezedwa ku Nyumba ya Malamulo ndi ina, yotuluka ku Treasury, nthambi yosunga chuma cha boma, ndi inanso. Pali miyezi imabwera mochedwa, pali miyezi imabwera yoduka.

Mwina mwaonapo chodabwitsa ichi pa chipatala chanu: ma ARV alipo, mankhwala a TB alipo, katemera wa ana ali mu filiji, koma agogo odwala BP kapena shuga akuwauza kuti akagule ku famase. Si tsankho la adokotala. Ndalama zoposa theka za zaumoyo m'Malawi zakhala zikuchokera kunja, ndipo zimabwera zitamangidwa kale pa matenda ake. Thumba la maiko akunja la Global Fund limagula ma ARV, mankhwala a TB ndi zambiri za malungo. Bungwe la Gavi limathandiza pa katemera. Boma la America lakhala likuika ndalama zambiri pa HIV ndi malungo, ndipo inu a ku Nkhotakota ndinu mboni, paja kupopera mankhwala ophera udzudzu m'nyumba kunayambira kwanuko mu 2007 ndi thandizo limenelo. Ndalama yoti igule ma ARV simungaipatutse kuti igule amokisilini kapena dizilo. Panado, mankhwala a BP, ulusi wosokera mabala, thonje, zimenezo zimadikira thumba la boma, lomwe ndi lija loonda.

Kale maiko ena ankaponya ndalama zawo m'thumba la boma momwemo. Kubedwa kwa ndalama ku Capital Hill kwa mu 2013, kuja timati Cashgate, kunawathawitsa, ndipo ambiri anayamba kudutsitsa thandizo lawo m'mabungwe kapena m'matumba apadera. Amene anaba anali ku Lilongwe, amene analipira ndi mayi wa kwa Mwadzama. Kenako mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lambiri la kunja, ndipo zipatala zambiri zinadzuka n'kupeza kuti achinyamata oyeza magazi, olemba mabuku ndi a njinga zamoto zonyamula magazi kupita ku labu, amene aliyense ankayesa ndi a boma, anali olipidwa ndi mabungwe. Chamwini ndi chamwini, tsiku lililonse atha kuchitenga.

Pa nkhani ya mankhwala kutha msanga ndikhalepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene komiti yanu ili ndi mano. Zifukwa zimakhala zingapo ndipo zimafuna kuzisiyanitsa. Nthawi zina chipatala chaitanitsa koma kunkhokwe kulibe, ndiye pa zinthu khumi zabwera zinayi. Nthawi zina lipoti la mwezi lapita mochedwa kapena lolakwika, ndiye oda yake yakhalanso yolakwika. Nthawi zina ndi kuchuluka kwa anthu. Chipatala chaching'ono chinakonzedwa kuti chizithandiza anthu pafupifupi 10,000, koma zambiri zimasenza kawiri kapena katatu kuposa apo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 390,000 m'boma la Nkhotakota ndi pafupifupi 478,000 ku Salima, ndipo chiwerengero chakwera kuchokera pamenepo. Komanso kunyanja kuno anthu sakhazikika. Usipa ukagwa, madoko amadzaza ndi asodzi ndi ogula nsomba ochokera kutali. Nyengo yodula nzimbe ku Dwangwa kumabwera anthu a maboma ena. Onsewa akadwala malungo, likodzo kapena kutsegula m'mimba amabwera pa chipatala chapafupi, pomwe mabuku a boma anawawerengera kwawo.

Chifukwa china, tisachite nacho manyazi, ndi kuba. Mankhwala a boma amapezeka m'misika ndi m'tizipatala ta anthu, ndipo sayenda okha. Sindikuloza chala adokotala anu, ambiri amene ndagwira nawo ntchito ndi anthu okhulupirika ogwira usana ndi usiku pa malipiro osakwana. Koma loko wothyoka pa chipinda cha mankhwala ndi chiyeso kwa wina aliyense, ndiponso ndi msampha kwa wosalakwa, chifukwa katoni ikasowa palibe angadziyeretse. Ntchito ya komiti ndi kukhalapo galimoto ya mankhwala ikafika. Muwerenge nawo makatoni, muyerekeze ndi zimene zalembedwa pa pepala lobwera ndi katunduyo, musaine pokhapokha zagwirizana. Musasainire kunyumba pepala lobwera ndi mwana pa njinga. Pakatha masabata awiri pemphani kuona sitoko khadi ya mankhwala awiri kapena atatu, monga LA ndi amokisilini, muone kuti analowa angati, atuluka angati, atsala angati pa shelefu, kenako muyerekeze ndi buku la odwala. Sizifuna sukulu yambiri, ndi masamu omwe aja mumachita ku banki m'khonde. Mukatero mudzadziwa ngati vuto lili kunkhokwe, kuboma kapena pakhomo panu pomwepo, ndipo mukamakadandaula mudzakhala ndi manambala m'manja, osati mphekesera za pa mjigo.

Pali njira inanso imene boma limalipirira chithandizo cha anthu osauka, imene ambiri saidziwa. Zipatala za mishoni, za pansi pa bungwe la CHAM, monga St Anne's paboma la Nkhotakota, zimalipiritsa, komabe malipiro a ogwira ntchito ambiri kumeneko amachokera kuboma. Kuyambira mu 2006 pali mapangano otchedwa SLA, oti kumene kulibe chipatala cha boma pafupi, amayi oyembekezera ndi makanda, kwina ndi ana osakwana zaka zisanu, azithandizidwa ulere pa chipatala cha mishoni, bilu n'kupita kuboma. Bilu ikachedwa kulipidwa a mishoni amavutika, ndipo pena amayambanso kulipiritsa. Ngati mbali ina ya dera lanu anthu amadalira cha mishoni, funsani ngati pali pangano lotere ndi zimene lalembamo, kuti anthu asamalipire chinthu chimene boma linalipira kale.

Tsopano za K500 ya pakhomo. Yankho langa ndi lakuti ayi, musavomere, ngakhale ndikumvetsa kumene mafumuwo akuchokera. Atopa kuona amayi akuchirira mumdima, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma chitseko ichi n'cholakwika.

Poyamba, komiti kapena mfumu ilibe mphamvu yoika mtengo pa chipatala chaching'ono cha boma. Chitengereni ufulu mu 1964, mfundo ya dziko lino yakhala yoti chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere, kupatula mbali zolipira zimene boma lenilenilo linakhazikitsa m'zipatala zikuluzikulu. Adokotala anu ndi amene angayambe kulowa m'madzi nkhaniyi ikamveka kuboma. Koma tisiye za malamulo, tione za anthu. K500 kwa inu ndi ine ndi ndalama ya tomato. Kwa mayi wa ana anayi mu Febuluwale, nkhokwe ili mbee, mpunga usanache, malungo ali pachimake, ana awiri atentha thupi usiku umodzi, ndi chifukwa chokwanira choti adikire kaye aone ngati kutenthako kutsike kokha. Malungo a mwana sadikira. Ku Neno ochita kafukufuku anatsata zimene zinachitika zipatala zina zitayamba kulipiritsa: odwala obwera anatsika ndi kuposa theka, ndipo kulipiritsako kutachotsedwa anthu anabwereranso mwaunyinji. Matenda sanathe ayi, anthu ankangodwalira kunyumba. Kumbukiraninso kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, maboma a kunyanja ngati Salima ndi Nkhotakota ali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Munthu wa kolera akachedwa maola ochepa chifukwa akusaka ya pakhomo, mwataya iyeyo ndipo mwaika mudzi wonse pa moto.

Ndiponso tisamanamizane kuti panopa anthu salipira. Amalipira kabaza kupita ndi kubwera, ndipo usiku mtengo umakwera. Mayi wopita kuchidikiro amanyamula ufa, nkhuni, ndiwo, beseni, zitenje, pena ndi kandulo, kuphatikiza gadiyani amene wasiya kumunda. Akachirira kunyumba kapena panjira, midzi yambiri ili ndi chindapusa cha mbuzi kapena ndalama. Akapeza mankhwala atha amakagula. Ulere umene timanenawu ndi kachigawo kotsiriza kokha, ndiye kuikanso mtengo pamenepo ndi kumenya munthu amene wagwa kale. Pomaliza, ndalama yotoleredwa pakhomo popanda malisiti a boma sichedwa kubala mkangano. Ndaonapo komiti yabwinobwino ikupasuka, anthu osalankhulana mpaka pamaliro, chifukwa cha kabokosi kotere.

Kusonkha kwa chitukuko ndi nkhani ina. Midzi ikagwirizana pa bwalo la mfumu kuti itute mchenga, ibweretse miyala, kapena khomo lililonse lopeza liponye kangachepe nthawi yokolola kuti mumange bafa la amayi a kuchidikiro, palibe choletsa. Kusiyana kwake n'kwakuti mukupempha munthu wabwinobwino ali kunyumba kwake, osati wodwala ali pamzere, ndipo amene sanasonkhe sabwezedwa pa chipatala. Zolowa ndi zotuluka muzilemba m'buku n'kumaziwerenga pagulu.

Mankhwala enieni a vuto la babu ndi loko ndi oti kandalama kena kazifika pa chipatala penipeni, kosadutsa m'poto wa paboma. Boma nalo linavomereza zimenezi. Mu ndondomeko yaikulu ya zaumoyo ya 2023 mpaka 2030 muli mfundo yotumiza ndalama mwachindunji ku zipatala zing'onozing'ono, imene a ku unduna amaitchula mwachidule kuti DFF, ndipo boma la Rumphi ndi limodzi mwa oyamba kuiyesa. Anzathu a ku Tanzania anayamba kale, cha m'ma 2017. Kachitidwe kake n'kosavuta kumva. Ogwira ntchito pa chipatala ndi komiti amakhala pansi n'kulemba zofunika kwambiri, a kuboma amavomereza, ndalama imalowa, ndipo potulutsa pamafunika anthu angapo kusaina. Si ndalama yomangira wodi kapena yolembera namwino. Ndi ya mababu, maloko, mpopi wodontha, batire la sola, zenera losweka, chimbudzi chodzadza, tinthu timene timaoneka tachabechabe koma ndi timene timasiyanitsa chipatala ndi chigafa.

Ena kumaofesi amaopa kuti anthu akumudzi adya ndalamazo. Ine mantha amenewa sindigwirizana nawo kwenikweni. Masukulu a pulayimale akhala akulandira ndalama zotukulira sukulu m'maakaunti awo kwa zaka zambiri, makomiti a makolo akusainira, ndipo dziko silinagwe. Kuba kulipo paliponse, koma kuba K50,000 pamaso pa anthu amene akudziwa mtengo wa thumba la simenti ndi dzina la mmisiri n'kovuta kuposa kuba mamiliyoni mu kompyuta ku likulu. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi china: kuti ndondomekoyi ingakhale ya mabungwe okha, n'kutha tsiku limene pulojekiti yatha, kapena kuti a kuboma angayambe kunena kuti poti muli ndi yanu, dzigulireni zonse. Mukakumana ndi a DHO afunseni maso ndi maso kuti chipatala chanu chili pati pa nkhani ya DFF, ndipo komiti yanu ikonzekere chiyani. Makomiti amene ali ndi mabuku olongosoka, mamembala osankhidwa poyera ndi misonkhano yolembedwa ndi amene savuta kuwakhulupirira ndi ndalama.

Pakadali pano, dziwani khomo logogoda pa vuto lililonse, chifukwa madandaulo ambiri amafera panjira kaamba kopita kolakwika. Za mafuta a ambulasi, zokonzakonza ndi kuchepa kwa ogwira ntchito, lembani kalata kwa a DHO, yosainidwa ndi wapampando wanu ndi adokotala, ina mupereke kwa khansala wanu, ina musunge. Ku khonsolo kuli komiti ya makhansala yoona za umoyo, ndipo khansala ali ndi ufulu wofunsa mmene ndalama ya ORT yagawidwira. Nthawi yake ndi yofunika. Mapulani a chaka chotsatira amakonzedwa miyezi ingapo Epulo asanafike, ndiye pempho lofika mu Novembala kapena Disembala lili ndi mwayi kuposa lofika mu Juni, zonse zitagawidwa kale. Za zomangamanga zidutse ku makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'dera, VDC ndi ADC, kuti zilowe m'mapulani a khonsolo, ndipo thumba la CDF, la chitukuko cha m'madera a aphungu, nalo litha kuthandiza. Pamenepa ndikuchenjezeni. Andale amakonda nyumba yatsopano yoti adzadulepo riboni. M'dziko muno muli tizipatala tambiri tomangidwa popanda kufunsa a zaumoyo, tomwe lero mukugona mileme chifukwa palibe namwino, madzi kapena zipangizo. Nthawi zambiri chimene chingasinthe zinthu ndi nyumba ya namwino wachiwiri, thanki ya madzi kapena sola ya ku mateniti. Namwino satumizidwa kumene alibe pogona, ndipo namwino mmodzi sangagwire usana ndi usiku chaka chonse osapsa mtima.

Mukafunsa za ndalama wina n'kukuuzani kuti ndi chinsinsi cha boma, dziwani kuti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Mutha kupempha mwa kalata kuti akuonetseni bajeti ya zaumoyo ya boma lanu ndi zimene chipatala chanu chalandira m'miyezi yapitayi. Odwala akanyozedwa, akauzidwa kuti alipire, kapena akabwezedwa popanda chifukwa, kuli a ombudsman a zachipatala amene ntchito yawo ndi yomweyo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mayi. Koma popita kumeneko musapite ngati mukukamenyana ndi adokotala anu. Iwo ndi inu muli munda umodzi wa kumapeto kwa ngalande, ndipo kalata ya komiti imawathandiza kunena zimene iwo paokha, monga wantchito wa boma, amaopa kunena kwa mabwana awo.

Za loko ndi babu zokha musadikire kalata. Sabata ino kambiranani ndi mafumu aja anabweretsa nzeru ya K500, muwapemphe kuti m'malo mwake atenge nkhaniyi ku bwalo. Eni mashopu a pa tireding'i, eni zilimira kudoko, mipingo ndi mizikiti, sipangalephere kupezeka ogula maloko awiri ndi mababu angapo. Mulembe m'buku amene wapereka ndi chimene wapereka, lisiti mumate pomwepo. Kalata yopita kwa a DHO ipitebe, ndipo mulembemo kuti loko tagula tokha pa tsiku lakuti, chatsalira inu ndi mafuta a ambulasi ndi namwino wachiwiri.